Gudumu Lakhala Chete: Hamster Akasiya Kuthamanga

Lero tasiya kaye za ma visa ndi za mtengo wotumizira ndalama kumudzi. Tikamba za kanyama.

Funso lachokera kwa achemwali ena amene amakhala ku Upper Hill. Ali ndi hamster, akhala naye chaka ndi miyezi ingapo. Usiku uliwonse ankamva gudumu lake likuzungulira m'khola mpaka tulo tiwabe. Tsopano padutsa sabata, zii. Kanyamako kakudya, kali moyo, koma gudumu silikumvekanso. Akufunsa kuti: kodi ndide nkhawa?

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Mukuti, aaa, mbewa yomweyi? Imene timagula pa kamtengo m'mbali mwa msewu wa M1, yowiritsa ndi mchere, lero ili ndi khola, ili ndi gudumu, mpaka ikufuna dokotala? Sekani, palibe mlandu. Agogo atamva kuti mdzukulu wawo amagulira mbewa chakudya ku shopu, angagwire pakamwa. Koma amene anakhalapo yekha m'bedsitter, m'dziko la eni, akudziwa kuti phokoso la chamoyo china m'nyumba si chinthu chamasewera. Umabwera ku ntchito usiku, palibe wokulonjera, koma pakona paja pali wina akukoloweka masaya ake mtedza. Phokosolo likatha, nyumba imakula. Komanso pali nkhani ya moyo apa, chifukwa nthawi zina gudumu kukhala chete ndiye chizindikiro choyamba, mwinanso chokhacho, chakuti kanyamako kakudwala.

Choyamba tikonze dzina. Hamster si mbewa, si khoswe, komanso si mbira zimene ena timaweta kumudzi zija. Ndi kanyama kokhala ngati mbewa yonenepa, kamchira kakafupi, ndipo kali ndi matumba m'masaya motutira chakudya. Amene munakumbapo bwampini mukudziwa matumba amenewa, nayenso amatuta chimodzimodzi. Mtundu umene anthu ambiri amaweta, waukulu uja, kwawo ndi kumpoto kwa Syria ndi kumwera kwa Turkey. Mu 1930, katswiri wa zinyama Israel Aharoni wa ku Hebrew University ku Jerusalem anakumba una m'munda wa tirigu kufupi ndi mzinda wa Aleppo, napeza hamster wamkazi ndi ana ake. Ochepa mwa anawo ndi amene anapulumuka n'kuswana, ndipo mahamster ambiri a mtunduwu amene ali m'makola padziko lonse anachokera ku banja limodzi lomwelo. Ndiye achemwali a ku Upper Hill, mnzanu wa m'nyumbayo nayenso ndi wobwera. Tonse tili kunja.

Kwawoko kanyamaka kamayenda mtunda kufunafuna mbewu. M'khola, mtundawo kamauyenda pagudumu, ndipo hamster wathanzi amathamanga makilomita angapo usiku umodzi, ena mpaka 8 kapena 9. Tangoganizani, kanyama kokwana m'chikhatho.

Ena amati kuthamanga pagudumu ndi misala ya m'ndende, kuti kanyamako kasokonezeka mutu chifukwa chotsekeredwa. Akatswiri awiri a ku Leiden University ku Netherlands, Johanna Meijer ndi Yuri Robbers, anayesa nkhaniyi. Anaika magudumu panja, kutchire, pamodzi ndi makamera, ndipo zotsatira zake anazifalitsa mu 2014. Mbewa zakutchire, zopanda khola, zopanda mwini, zinkabwera zokha, kukwera, kuthamanga, kutsika, kenako n'kukweranso. Anajambulanso makoswe, achule, ngakhale nkhono zopanda chigoba zija zikukwawa m'gudumu. Atachotsa chakudya chimene ankanyengerera nacho, mbewa zinabwerabe. Ndiye kuthamangaku tinyamati timakukonda. N'chifukwa chake kakasiya, tiyenera kufunsa kuti chavuta n'chiyani.

Koma tisanathamangire patali, kodi kasiyadi? Funso limeneli likumveka lachibwana, koma anthu ambiri amada nkhawa ndi hamster amene wangosintha nthawi. Poyamba ankayamba 10 koloko usiku inu muli maso, pano akuyamba 2 koloko inu mukuliza mkonono. Kuyesa kwake n'kosavuta. Madzulo ikani kapepala kakang'ono pamwamba pa gudumu, kapena lembani kachizindikiro ndi pensulo pamene laima. M'mawa muone. Kapepala kakagwa, gudumu linazungulira. Mukhozanso kuona ngati m'gudumu muli timanyi kapena mkodzo, chifukwa ambiri amachita zonsezi ali pa liwiro. Amene muli ndi foni yakale, isiyeni ijambule mawu usiku wonse.

Ngati kasiyadi, yambani ndi kuwala. Apa ndi pamene Upper Hill akulowera m'nkhaniyi. Amene simunafikeko, Upper Hill kale linali dera la nyumba zogona za mabwana, lero ndi nkhalango ya nsanjika: Britam Tower, Old Mutual Tower, maofesi a mabanki, akazembe, ndi zipatala zikuluzikulu ngati Kenyatta National Hospital ndi Nairobi Hospital. Kumeneko mdima weniweni, uja wa kumudzi woti sungaone dzanja lako, kulibe. Magetsi a sekyulite amayaka usiku wonse, zikwangwani zikuwala, magalimoto ndi ma ambulansi akudutsa. Hamster wa m'khola amayendera mdima. Thupi lake limawerenga kuwala ngati wotchi: kukada, nthawi yothamanga yakwana. Kukapanda kuda, amachedwa kutuluka, amathamanga pang'ono, kapena amangokhala m'kanyumba kake. Tsono onjezerani moyo wathu wa kunja kuno. Wina akugwira ntchito ya pa intaneti yoyendera nthawi ya ku America, laputopu ndi getsi zili choyakira mpaka 4 koloko m'mawa. Wina ndi namwino, sabata ino masana, sabata yamawa usiku. Wina ndi Netflix basi, tisanamizane. Dzifunseni kuti m'masabata apitawa chasintha n'chiyani: mwasamutsa khola kuliika pafupi ndi zenera? Mwachotsa katani kukachapa? Aneba aika getsi latsopano pakhonde? Khola liikeni pamalo pamene pamada nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo masana musamudzutse kuti mumujambule za pa WhatsApp. Inunso wina atamakudzutsani 3 koloko usiku kuti musekerere kamera, simungakhale ndi mphamvu ya jimu.

Kenako gwirani gudumulo ndi chala, mulizunguze. Likuyenda mofewa? Nthawi zambiri vuto limakhala lomweli. Ubweya ndi fumbi zakulunga pa kachitsulo ka pakati, utuchi wadzaza pansi, kapena gudumu lapendekeka likukhuza khoma la khola. Kwa inu ndi kulimba pang'ono, kwa kanyama ka magalamu 150 ndi phiri la Mulanje. Tsukani, umitsani, dontheza kadontho kamodzi ka mafuta ophikira pa kachitsulo kaja. Ophikira, osati a galimoto kapena a mashini, chifukwa adzanyambita.

Koma chachikulu pa gudumu ndi kukula kwake, ndipo apa ndiima pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri timaberedwa. Makola ambiri a m'mashopu, okongola aja, a mitundumitundu ndi timapaipi, amabwera ndi kagudumu kakang'ono ka masentimita 13 kapena 15. Hamster akakhala mwana amakwanamo bwinobwino. Pakatha miyezi ingapo wakula, gudumu silinakule. Ndiye kuti athamange ayenera kupinda msana chagada, mutu m'mwamba, matako m'mwamba, ngati nthochi. Yesani kuyenda choncho kuchokera pa Kenyatta kukafika m'tauni muone ngati mawa mungabwereze. Msana ukayamba kuwawa, amangolisiya. Hamster wa ku Syria amafuna gudumu la masentimita 28 kapena kuposa, timitundu ting'onoting'ono tija timafuna la masentimita 20 kapena kuposa. Muyeso wake ndi maso anu: akamathamanga, msana ukhale wowongoka. Ngati achemwali athuwa akugwiritsabe ntchito gudumu limene linabwera ndi khola, ine ndingayambire pamenepo. Ndipo pothamangirapo pakhale pogwirana, posalala, osati pa mawaya kapena timipiringidzo. Mawaya amatupitsa mapazi, amachititsa zilonda kuphazi, ndipo mwendo ukalowa pampata gudumu lili pa liwiro, umathyoka.

Mapaziwo muwaone. Muikeni m'kabotolo kagalasi kapena m'kabakuli koonekera, mumuyang'ane chapansi. Kuphazi kwafiira? Kwatupa? Zikhadabo zatalika mpaka kupindika? Akuyenda motsimphina, kapena akukoka mwendo umodzi? Pali chinthu china chimene amagulitsa ngati zofunda za hamster, chofewa ngati thonje. Chimaoneka chachifundo koma ndi msampha. Timaulusi take timakulunga mwendo n'kutseka magazi, ndipo akameza timatseka matumbo. Mupatseni tishu wamba wopanda fungo, ang'ambe yekha.

Tsopano nyengo. Amene muli ku Malawi kapena ku Ulaya mumaganiza kuti Nairobi, poti ali pafupi ndi equator, ndi kotentha ngati ku Nsanje. Ayi ndithu. Mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo June, July ndi August kumazizira ngati ku Dedza, mitambo tsiku lonse ngati chiperoni. Usiku kumatsika kufika madigiri 11 kapena 12, ndipo nyumba zathu za matailosi zilibe zotenthetsera. Hamster amakhala bwino pakati pa madigiri 18 ndi 24. Kukazizira amachepetsa zoyendayenda, amadzikwirira. Kukazizira kwambiri, ena amagwa m'tulo tofa nato: thupi lozizira, louma pang'ono, kupuma kwa apo ndi apo moti simungakuone msanga. Mvetserani bwino apa, makamaka inu a ku Ireland ndi ku UK amene mumazimitsa hita pofuna kupulumutsa bilu. Anthu akwirirapo mahamster amoyo. Mukampeza ali choncho, musathamangire khasu. Yang'anitsitsani ndevu zake ndi pachifuwa kwa mphindi zingapo. Mufukatireni m'manja kapena pachifuwa panu m'chipinda chofunda, atenthedwe pang'onopang'ono. Osamuika pa hita, osamuika m'madzi otentha. Ndipo mbaula, kuno amati jiko, isalowe m'chipinda chotseka. Utsi wa makala wosaoneka uja umapha kanyamako poyamba, kenako inuyo. Khola lichoke pa matailosi, likhale pa tebulo, kutali ndi mphepo ya pazenera.

Kutentha nakonso n'koopsa, mwinanso kuposa. January ndi February kuno dzuwa limabaya, ndipo khola la pulasitiki kapena lagalasi likakhala pazenera limasanduka uvuni. Hamster wotenthedwa amagona chafufumimba, wofooka, nthawi zina malovu ali chuchuchu. Ameneyo achoke padzuwa nthawi yomweyo.

Pali zifukwa zina zimene sizodetsa nkhawa. Hamster wamkazi thupi lake limazungulira masiku anayi alionse, ndipo kathamangidwe kake kamakwera ndi kutsika motsatira masiku amenewo, ndiye usiku umodzi wa ulesi si nkhani. Ngati mwangomugula kumene ndipo kushopu ankakhala ndi amuna, akhoza kukhala ndi bere. Bere lake ndi la masiku 16 okha, ndiye simudikira nthawi yaitali kuti mudziwe. Mwasamuka nyumba, mwatsuka khola lonse n'kuchotsa fungo lake, kwabwera mphaka wa mnzanu, zonsezi zimamubisa masiku angapo. Ndiye pali nkhani yokoma. Ku University of Bern ku Switzerland anayerekeza mahamster okhala pa zoyala zosaya ndi okhala pa zoyala zakuya, n'kufalitsa mu 2006. Amene anali ndi pokumba pakuya anakumba mauna awo, ankathamanga pagudumu mocheperapo, ndipo sankalimbana ndi kutafuna mawaya a khola ngati anzawo aja. Ndiye ngati mwangomugulira khola lalikulu, mwamuthirira zoyala zambiri, ndipo gudumu lachepa phokoso, n'kutheka kuti mnzanuyo ali kalikiliki kumanga nyumba pansi. Musiyeni.

Chimene simuyenera kuchita ndi ichi, ndipo ndikudziwa mtima wathu Amalawi. Timaona kanyama kali phee, timati kasungulumwa, mutu umodzi susenza denga, tikagulire mnzake. Ayi. Mwambi umenewo ndi wa anthu. Hamster wa ku Syria amakhala yekha, ndipo akuluakulu awiri m'khola limodzi amamenyana mpaka wina kufa. Wosungulumwa mwina ndi inuyo, imbirani foni kumudzi.

Tifike pa zolemera. Hamster amakhala zaka ziwiri, akachita mwayi zitatu. Ndi nthawi yomwe ena mumatengera masters. Akafika chaka ndi theka ndiye kuti wayamba ukalamba: amagona kwambiri, ubweya umayamba kupyapyala, mfundo zimauma, gudumu amalikwera pang'ono n'kutsika. Wa achemwali athuwa ali pafupi ndi msinkhu umenewu, makamaka tikaganiza kuti masabata kapena miyezi imene anakhala kushopu sitikuidziwa. Ukalamba umabwera pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi. Nkhalamba musailande gudumu, ingolitsitsani kuti asavutike kukwera, chakudya ndi madzi zikhale pafupi ndi pogona, ndipo zokwerakwera zichoke.

Koma kusiya mwadzidzidzi, dzulo amathamanga lero ayi, ndi nkhani ina. Tinyama timene timadyedwa kutchire timabisa matenda, chifukwa kooneka kofooka ndi kamene kadzidzi amayamba nako. Ndiye hamster akafika poonetsa kuti akudwala, matendawo apita kale patali. Chida chanu chachikulu ndi sikelo ya kukhitchini, ya magalamu ija. Muikeni m'kapu, mumuyeze kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, mulembe mu foni. Wamkulu wa ku Syria amalemera pakati pa magalamu 100 ndi 200, koma chofunika si nambala ya m'buku, ndi nambala yake iyeyo. Akataya gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, tinene kuchoka pa 150 kufika pa 135, musadikirenso. Musanyengedwe ndi mbale yopanda kanthu, chifukwa akhoza kututa chakudya chonse kukabisa osadya ngakhale kambewu kamodzi. Mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse, ndipo akatalika kapena kuthyoka, kudya kumavuta.

Onaninso izi. Kupuma mobanika kapena momveka kaphokoso, chifukwa matenda a mtima ndi ofala mwa mahamster okalamba, ndipo mtima ukafooka gudumu ndi limene limayamba kusiyidwa. Maso omatana, mphuno yochucha, kukhala chokhota msana ubweya uli nyankhalala. Chotupa paliponse. Kwa wamkazi, mimba yotupa ndi mafinya kapena magazi kumaliseche, chizindikiro cha matenda a chiberekero. Kumwa madzi ndi kukodza mopitirira muyeso, makamaka mwa timitundu ting'onoting'ono ta Campbell, timene timadwala shuga msanga, ndiye zotsekemera ndi zipatso zambiri si chikondi kwa iwo. Ndipo choopsa kuposa zonse kwa ana: kutsegula m'mimba, kumchira konyowa ndi konunkha, matenda amene pa Chingerezi amati wet tail. Amenewa amapha m'masiku awiri kapena atatu. Mukaona kumchira konyowa, ndi lero lomwe, osati Loweruka mukapuma ku ntchito.

Tsopano ndikupempheni chinthu chimodzi, ndipo ngati mwaiwala zonse mugwire ichi. Ife tinakula ndi kabokosi ka mankhwala otsala m'nyumba. Mutu Panado, chifuwa amoxicillin, nkhuku ikadwala timaisungunulira kapisozi m'madzi. Musachite zimenezo kwa hamster. Mankhwala a gulu la penicillin, kuphatikizapo amoxicillin ndi ampicillin, komanso erythromycin ndi clindamycin, amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake, toipa n'kuchulukana, ndipo kanyamako kamafa ndi mankhwalawo, osati ndi matenda aja. Opha ululu a anthu nawonso ayi. Pa thupi la magalamu 120, kachidutswa kamene inu mukuti n'kakang'ono ndi poizoni.

Ndiye mupite kuti? Kuno ku Nairobi madokotala a ziweto alipo ambiri, koma ambiri anazolowera agalu, amphaka ndi ng'ombe. Imbani kaye foni, mufunse mosapita m'mbali: kodi mumaona tinyama ting'onoting'ono ngati hamster ndi akalulu? Funsaninso mtengo musananyamuke, kuti M-Pesa isakuchititseni manyazi pakauntala. University of Nairobi ili ndi sukulu ya udokotala wa ziweto ku Upper Kabete, komwe kuli chipatala cha ziweto zing'onozing'ono. Bungwe la KSPCA ku Karen, limene limasamalira nyama zotayidwa ndi zozunzidwa, ndi malo enanso ofunsirako nzeru. Ndipo dokotala weniweni wa ziweto m'dziko muno amakhala wolembetsedwa ku Kenya Veterinary Board, ndiye mnyamata wa pa shopu ya zakudya za ziweto, kaya akhale wokoma mtima bwanji, si dokotala.

Ponyamuka, muikeni m'kabokosi kolimba kokhala ndi timabowo ta mpweya, osati katoni chifukwa adzaboola musanafike pa Ngong Road. Muikemo zoyala za m'khola lake zomwe zili ndi fungo lake, ndi kachidutswa ka nkhaka m'malo mwa madzi. Phimbani ndi kansalu. Ngati thumba likulola, tengani takisi, chifukwa nyimbo za m'matatu ngakhale ife anthu zimatigwedeza chiwindi. Tengani manambala a sikelo aja, tsiku limene gudumu linasiya kumveka, dzina la chakudya chimene mumamupatsa, ndi kavidiyo kosonyeza mmene akuyendera. Dokotala amamuona mphindi khumi zokha, masana, ali ndi tulo ndi mantha, ndiye zimene inu mwaona usiku ndi zimene zingamuthandize kupeza vuto.

Achemwali a ku Upper Hill, usiku uno ikani kapepala kaja pagudumu, muyeze gudumulo ndi rula, mumuike pa sikelo, mumuone mapazi ndi kumchira. Ngati akudya, akulemera monga kale, akuyenda bwino ndipo maso ali gwa, konzani za kuwala, kuzizira ndi gudumu, mumupatse sabata imodzi. Ngati chimodzi mwa izo chalakwika, mawa m'mawa imbani foni ija. Mutiuze mmene zathera, ndipo ena amene muli ndi mafunso tumizani ma voice note monga mwa nthawi zonse.